Kodi Mwana Wanga Angamangidwe ku America Chifukwa Chodzudzula Israel?

Funso

Mwana wanga wamwamuna ali m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya boma m'chigawo cha Georgia, ku America. Pa foni anandiuza kuti kumeneko kuli lamulo latsopano lofotokoza chimene chili chidani cha pa Ayuda, ndipo anzake akumuuza kuti masiku ano ukangodzudzula boma la Israel pa za nkhondo ya ku Gaza, basi walakwira lamulo. Mnyamata wangayu sasunga mawu kukhosi, anatengera malemu bambo ake. Ine ndinkamva kuti ku America munthu amalankhula chilichonse. Nanga lamulo limeneli likuti chiyani? Angamangidwe, kapena kuchotsedwa sukulu?

Mayi wa ku Zomba

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Lamulo la ku Georgia silipatsa wapolisi mphamvu yomanga munthu chifukwa chonena kuti boma la Israel likulakwa. M'lamulomo mulibe mlandu watsopano, mulibe chindapusa, mulibe ndende. Anzake a mwana wanu akokomeza. Komabe sindinganene kuti nkhawa yanu ilibe mutu, pakuti malamulo amtunduwu amalumira kwina: m'maofesi a akuluakulu a sukulu, kumene wophunzira angaitanidwe, kupanikizidwa ndi mafunso ndi kulembedwa m'buku asanaone nkhope ya woweruza aliyense. Komanso mwana wanu si nzika ya America, ndipo pamenepo pali msampha wina woposa lamulo la Georgia lenilenilo. Ndifikapo.

America ili ndi zigawo 50, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo ndi bwanamkubwa wake. Lamulo mukunenali limadziwika kuti HB 30, ndipo bwanamkubwa Brian Kemp analisainira pa 31 January 2024. Ndi lalifupi. Likuti nthambi za boma la Georgia, zikamaunika ngati munthu wasalidwa kapena wachitiridwa upandu chifukwa choti ndi Myuda, ziziganizira tanthauzo la chidani cha pa Ayuda limene linavomerezedwa ndi bungwe la International Holocaust Remembrance Alliance, mwachidule IHRA. Likunenanso kuti lisamveke ngati likuchepetsa ufulu wolankhula umene malamulo aakulu a dziko amateteza. Georgia si yokha. Zigawo zoposa 30 zinavomereza tanthauzo limeneli kapena lofanana nalo, zina kudzera m'nyumba ya malamulo, zina mwa chilengezo cha bwanamkubwa chabe. South Carolina inatsogola mu 2018 polilowetsa m'lamulo la bajeti. Florida inatsatira mu 2019, ndipo bwanamkubwa Ron DeSantis anachitira mwambo wosainira ku Jerusalem. Kenako Iowa mu 2022, Virginia mu 2023, South Dakota ndi North Carolina mu 2024.

Musaganize kuti amene anamenyera malamulowa anangodzuka n'kupeka vuto. Ayuda ndi anthu pafupifupi awiri okha pa anthu 100 alionse ku America, koma chaka ndi chaka malipoti a FBI, bungwe la boma lofufuza milandu, amaonetsa kuti pa milandu ya chidani chokhudza chipembedzo, yoposa theka imagwera iwo. Pa 27 October 2018 munthu wina analowa ndi mfuti m'sunagoge wa Tree of Life ku Pittsburgh n'kupha anthu 11 amene anabwera kudzapemphera. Georgia nayo ili ndi zipsera zake. Mu 1915 gulu la anthu linatulutsa Myuda wina, Leo Frank, m'ndende n'kukamupachika pamtengo ku Marietta, bwanamkubwa atamuchotsera chilango cha imfa chifukwa chokayikira umboni. Mu 1958 sunagoge wamkulu wa mu Atlanta anaphulitsidwa ndi bomba. Kumayambiriro kwa 2023 anthu a ku Dunwoody ndi Sandy Springs anadzuka m'mawa n'kupeza pakhomo pawo timapepala tonyoza Ayuda, toikidwa m'timajumbo tapulasitiki n'kuponyedwa usiku. Mmodzi mwa amene anatola timapepalato pabwalo la nyumba yake ndi Esther Panitch, amene pa nthawiyo anali Myuda yekhayo m'nyumba ya malamulo ya Georgia, ndipo anali patsogolo pomenyera HB 30. Chaka chimenecho biluyo inakanika kudutsa. Itafika 7 October 2023, pamene a Hamas anapha anthu pafupifupi 1,200 mu Israel n'kugwira ena pafupifupi 250, zinthu zinatembenuka, moti aphungu atakumananso mu January biluyo inadutsa mosavuta.

Tsono tanthauzolo likuti chiyani? A IHRA analivomereza pa msonkhano wawo ku Bucharest, m'dziko la Romania, pa 26 May 2016. Chiganizo chake chachikulu chimati chidani cha pa Ayuda ndi kaonedwe kena ka Ayuda kamene kangaonekere ngati kuwada, m'mawu kapena m'zochita, kwa anthu, katundu wawo, mabungwe awo ndi nyumba zawo zopempherera. Pamenepa sipali mkangano waukulu. Mkangano uli pa zitsanzo 11 zimene zinaikidwa pansi pake. Zina n'zosachita kufunsa: kulimbikitsa anthu kupha Ayuda, kufalitsa bodza loti Ayuda ndiwo amayendetsa mabanki, manyuzipepala ndi maboma mobisa, kukana kuti a Nazi anapha Ayuda 6 miliyoni. Koma zitsanzo 7 mwa 11 zimatchula dziko la Israel, ndipo zitatu mwa izo ndi zimene zimautsa fumbi. China chimati kukaniza Ayuda ufulu wodzilamulira, monga ponena kuti kukhalapo kwa dziko la Israel ndi ntchito ya tsankho. China chimati kufuna kwa Israel khalidwe limene simulifuna kwa dziko lina lililonse la demokalase. Chachitatu ndi kuyerekeza zochita za boma la Israel la lero ndi za a Nazi. Chikalata chomwecho chimanenanso kuti kudzudzula Israel monga mmene mungadzudzulire dziko lina lililonse si chidani cha pa Ayuda, kuti zitsanzozo ziwerengedwe poganizira nkhani yonse, ndiponso kuti icho si lamulo, n'chida chogwirira ntchito chabe.

Pamenepa ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mawu ambiri a tanthauzoli analembedwa kale, cha m'ma 2004 ndi 2005, polembera bungwe la European Union loyang'anira za tsankho limene linali ku Vienna. Vuto la nthawi imeneyo linali la owerengera. Dziko ili linkalemba zakuti, lina zakuti, mayiko ena osalemba n'komwe, moti panalibe amene akanatha kunena ngati chidanichi chikukula kapena chikuchepa mu Europe. Panafunika muyeso umodzi. Amene anatsogolera kulembako ndi Kenneth Stern, loya wachiyuda amene ankagwira ntchito ku American Jewish Committee, munthu amene amanena yekha poyera kuti amaikira kumbuyo kukhalapo kwa dziko la Israel. Stern yemweyo ndi amene wakhala akuchenjeza kwa zaka zambiri kuti chikalata chimenechi chisasandutsidwe lamulo la pasukulu. Anakanena zimenezi pamaso pa komiti ya Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America, mu 2017, n'kudzalembanso m'nyuzipepala ya The Guardian mu December 2019. Taganizani za kadi ya kusikelo ya mwana. Anamwino amalembapo kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi kuti aone ngati mzere ukukwera kapena ukutsika, ndipo pa ntchito imeneyo kadiyo ndi yabwino kwambiri. Koma tsiku limene boma linganene kuti mayi aliyense amene mzere wa mwana wake watsika akayankhe mlandu, kadi yomweyo isanduka chinthu china. Siinapangidwe kuti izisiyanitsa mayi wosasamala ndi mayi amene mwana wake wangodwala malungo. Tanthauzo la IHRA linapangidwa lotayirira dala, kuti wowerengera asaphonye kanthu. Lamulo lolanga munthu limafuna malire akuthwa, oti munthu adziwiretu pamene wawoloka.

Za ufulu wolankhula, zimene munamva n'zoona, mwinanso kuposa mmene mukuganizira. Kwathu kuno gawo 35 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wolankhula, koma gawo 44 limalola kuti lamulo lichepetse ufulu ngati kutero n'koyenera m'dziko la demokalase. Ku America ndime yotchedwa First Amendment, ya mu 1791, ilibe khomo lotero lolembedwa, ndipo makhoti awo salola kuti munthu alangidwe chabe chifukwa mawu ake ndi achidani. Mu 1969, pa mlandu wa Brandenburg v. Ohio, khoti lalikulu linafafaniza chilango cha mtsogoleri wina wa Ku Klux Klan, gulu la azungu lodana ndi anthu akuda, n'kunena kuti boma lingalange mawu olimbikitsa kuphwanya lamulo pokhapokha ngati cholinga chake n'kuutsa chiwawa nthawi yomweyo ndipo zikuoneka kuti chichitikadi. Mu 1977 kagulu kotsatira chipani cha Nazi kanafuna kuguba ndi zizindikiro zake m'tauni ya Skokie, pafupi ndi Chicago, mmene munkakhala anthu ambiri opulumuka ku misasa ya Hitler. Makhoti anati kali ndi ufulu, ndipo loya wa ACLU, bungwe lomenyera ufulu wa anthu, amene anakaimira, David Goldberger, anali Myuda. Ndiye ngati wovala chizindikiro cha Hitler sangamangidwe chifukwa cha mawu ake okha, wophunzira wonyamula chikwangwani chodzudzula Benjamin Netanyahu, amene anatsogolera boma la Israel pa nkhondo ya ku Gaza, angamangidwe bwanji? Mawu opanda chitetezo ndi ochepa: kuopseza munthu kuti umuvulaza, kuutsa chiwawa cha pompopompo, kuipitsa mbiri ya munthu ndi bodza, ndi kuzunza munthu mobwerezabwereza mpaka kumulepheretsa kuphunzira.

Mwina mufunsa kuti nanga lamulo la Georgia lili ndi ntchito yanji. Yankho lili m'milandu iwiri imene khoti lalikulu linagamula motsatizana, ndipo ophunzira anga ndimawauza kuti aziiwerenga pamodzi. Woyamba ndi R.A.V. v. St. Paul wa mu 1992. Mnyamata wina anawotcha mtanda pabwalo la banja la anthu akuda, chimene ndi chizindikiro chakale cha Ku Klux Klan. Mzinda wa St. Paul unamuimba mlandu pa lamulo loletsa zizindikiro zoputa anthu chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo chawo. Khoti linathetsa lamulolo. Linati mnyamatayo akanatha kulangidwa pa malamulo ena, monga oopseza kapena oononga katundu, koma boma silingasankhe maganizo ena n'kuwaikira chilango chapadera. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Wisconsin v. Mitchell, mnyamata wakuda amene analimbikitsa anzake kumenya kamnyamata kachizungu chifukwa cha khungu lake anawonjezeredwa zaka za kundende, ndipo oweruza onse anavomereza. Kumenya munthu ndi mlandu kale. Mawu amene ananena asanamenye ndi umboni wa chimene chinamuchititsa kusankha munthu ameneyo.

Malire ndi amenewo, ndipo lamulo la Georgia likhoza kugwera mbali iliyonse malinga ndi amene waligwira. Tiyerekeze kuti munthu waswa mawindo a sitolo ya Myuda ku Savannah n'kulemba pakhoma za ana a ku Gaza. Kuswa mawindo ndi mlandu, lamulo la HB 30 likhalepo kapena lisakhalepo. Funso lotsala ndi loti kodi anasankha sitoloyo chifukwa mwini wake ndi Myuda, pakuti Georgia ili ndi lamulo lowonjezera chilango pa milandu ya chidani, limene linakhazikitsidwa mu 2020 ataphedwa Ahmaud Arbery. Woimbidwa mlanduyo adzati iye nkhani yake ndi ya ndale basi. Apa chitsanzo china cha IHRA, chonena za kusenzetsa Ayuda onse mlandu wa zochita za boma la Israel, chikuthandizadi, ndipo ine sindiona cholakwika. Wogulitsa nsapato ku Savannah sanatumize ndege ku Gaza. Tsopano tiyerekeze kuti mwana wanu walemba m'nyuzipepala ya ophunzira kuti Israel akuchita tsankho longa la apartheid, n'kutchula kuti bungwe la B'Tselem la ku Israel komweko linanena zimenezi mu January 2021, Human Rights Watch mu April 2021, Amnesty International mu February 2022. Ambiri amatsutsa mwamphamvu malipoti amenewo, ndipo ali ndi ufulu wotero. Koma mwana wanu sanaswe zenera, sanaopseze munthu. Palibe mlandu woti mawu akewo akhale umboni wake. Wina akatenga nkhaniyo kupita nayo kwa mkulu woona za khalidwe la ophunzira, n'kuloza chitsanzo chija chonena za "ntchito ya tsankho", chimene chikuweruzidwa tsopano ndi maganizo enieniwo.

Kumbuyo kwa mkulu ameneyo kuli ndalama. Lamulo la dziko lonse la Civil Rights Act la mu 1964, pa gawo lotchedwa Title VI, limaletsa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma la ku Washington kulekerera tsankho la mtundu, khungu kapena kumene munthu anachokera. Chipembedzo sichinatchulidwemo, koma kuyambira mu 2004 unduna wa zamaphunziro umati Ayuda, Asilamu ndi Asikh ndi otetezedwa akamasalidwa ngati mtundu wa anthu. Mu December 2019 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti ofufuza madandaulo a Title VI aziganizira tanthauzo la IHRA pamodzi ndi zitsanzo zake, ndipo Joe Biden atalowa sanalichotse. Tsono tayerekezani kuti mkulu wa sukuluyo ndinu. Mukaletsa msonkhano wa ophunzira, phokoso likhala la sabata imodzi. Mukaulola, mwina mulandira ofufuza a boma ndi chiopsezo chotaya mamiliyoni. Simudikira khoti. Mumachedwetsa chilolezo cha holo, mumapempha kuti mutu wa msonkhano aufewetse, mumaitana mphunzitsi amene kontrakiti yake ikutha chaka chomwechi n'kumufunsa mwaulemu chifukwa chimene anasankhira buku lakutilakuti. Palibe amene wamangidwa. Chaka chotsatira mphunzitsi uja amangolichotsa yekha bukulo. Inu a ku Zomba mukudziwa kuti ambiri amene anatseka pakamwa nthawi ya chipani chimodzi sanagonepo ku Mikuyu. Ankangodziwa kuti Mikuyu iliko. America si Malawi wa nthawi imeneyo, makhoti ake amagwira ntchito ndipo boma limaluza milandu, koma mantha amayenda mofanana kulikonse, ndipo safika kukhoti chifukwa palibe amene amasumira nkhani imene sanailembe.

Ku Texas chida chimenechi anachigwira mosabisa. Pa 27 March 2024 bwanamkubwa Greg Abbott analamula mayunivesite onse a boma kuti aike tanthauzoli m'malamulo awo a zolankhula ndi kukhazikitsa zilango mpaka kuchotsa sukulu, ndipo anachita kutchula mayina a magulu awiri a ophunzira, Students for Justice in Palestine ndi Palestine Solidarity Committee. Ophunzira anakasuma. Mu October chaka chomwecho woweruza Robert Pitman wa ku Austin anati zikuoneka kuti ophunzirawo adzapambana pa mfundo yoti kuika tanthauzo limeneli m'malamulo a zolankhula n'kukondera maganizo ena, chimene First Amendment imaletsa. Chiletso chimene anapempha sanawapatse, poti anati chinali chotambalala kwambiri, koma pa mfundo yaikuluyo anamveka bwino. Ku Indiana nako kunachitika zoonetsa pamene pali nkhondo yeniyeni. Mu 2024 aphungu anavomereza tanthauzolo koma anasiya zitsanzo zija, ndipo bwanamkubwa Eric Holcomb anakana kusainira biluyo chifukwa chosowa zitsanzo zomwezo.

Ngakhale ku Washington nkhaniyi siinagawe anthu motsata zipani. Pa 1 May 2024 nyumba ya House of Representatives inavomereza bilu ya Antisemitism Awareness Act ndi mavoti 320 kwa 91, koma Senate, nyumba yachiwiri ya Congress, siinaivotere chaka chimenecho. Mwa okana munali Jerry Nadler wa ku New York, Myuda amene wakhala m'nyumbamo zaka zambiri, amene anati biluyo ingatseke pakamwa anthu olankhula zololedwa. Munalinso Marjorie Taylor Greene wa ku Georgia komweko, amene nkhawa yake inali ina: chitsanzo china cha IHRA chimatchula zoti Ayuda anapha Yesu, ndipo iye anati Akhristu angaimbidwe mlandu chifukwa chokhulupirira Uthenga Wabwino. Ndinene mopatuka pang'ono kuti mawu amenewo, oti Ayuda monga mtundu ndiwo anapha Yesu, anaphetsa anthu ambirimbiri mu Europe kwa zaka mazanamazana, ndipo Mpingo wa Katolika unawakana poyera mu 1965. Amamvekabe pa maguwa ena kwathu kuno ngati nkhani wamba. Mlaliki wotero ndi woyenera kudzudzulidwa, ngakhale kuti sindingafune kuti boma ndilo lizimulembera ulaliki.

Oikira kumbuyo malamulowa ali ndi mfundo imene sindingaitaye. Amati chidani cha pa Ayuda chimasintha malaya. Amene kale ankati Ayuda amalamulira dziko lapansi, lero amati ma Zionist, kutanthauza oikira kumbuyo kukhalapo kwa dziko la Israel, amalamulira dziko lapansi, bodza lake lomwelija, ndipo mkulu wa sukulu amene sanaphunzire mbiri imeneyi amangoti ndi ndale. Zimenezi zimachitikadi. Wophunzira wachiyuda amene amauzidwa kuti anene kaye kuti akudana ndi Israel asanaloledwe kudutsa kapena kulowa m'gulu akusalidwa, ndipo palibe dzina lina loti tizipatse. Mu August 2024 woweruza Mark Scarsi analamula yunivesite ya UCLA ku California kuti isalekerere ophunzira achiyuda kutsekeredwa njira yopita kumalo ena a pasukulupo, monga zinachitikira pa zionetsero za chaka chimenecho. Koma taonani kuti woweruzayo anaimira pa ufulu wa chipembedzo umene unalipo kale. Kutsekera munthu njira ndi chochita, ndipo malamulo olanga zochita analipo HB 30 asanabadwe.

Maganizo anga ndi awa. Tanthauzo la IHRA ndi lothandiza pophunzitsa apolisi, aphunzitsi ndi atolankhani kuzindikira chidani chikabisala. Zitsanzo zija zokhudza Israel n'zosayenera kukhala m'buku la malamulo, chifukwa chiganizo chimodzimodzi chingatuluke m'kamwa mwa munthu wodana ndi Ayuda ndiponso m'kamwa mwa munthu wa ku Palestine amene agogo ake anathamangitsidwa pamudzi pawo mu 1948, kapena mwa Myuda wopemphera amene amakhulupirira kuti dziko lachiyuda siliyenera kukhazikitsidwa Mesiya asanabwere. Lamulo limene likulemba chiganizocho pamndandanda likuuza wogamula kuti ayambe ndi kukayikira onsewo. Akatswiri pafupifupi 200 a mbiri ya Ayuda ndi ya Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda ndi a Nazi kuja, anaona vuto lomweli, ndipo mu March 2021 anatulutsa tanthauzo lina, Jerusalem Declaration on Antisemitism, limene limati chidanichi ndi kusala, kuda kapena kuchitira nkhanza Ayuda chifukwa choti ndi Ayuda, ndipo kunyanyala katundu wa Israel kapena kumuyerekeza ndi apartheid pakokha si umboni wa chidani. Abale athu okhala ku South Africa angakumbukire mlandu wa Bongani Masuku wa bungwe la anthu apantchito la COSATU. Pa mawu anayi amene ananena mu 2009, khoti la Constitutional Court linagamula mu February 2022 kuti amodzi okha, amene anatchulamo Hitler ngati bwenzi la ma Zionist, ndiwo anali achidani cholunjika kwa Ayuda, n'kumulamula kupepesa. Mawu atatu enawo, amene Masuku anayankhula pa yunivesite ya Wits, linati anali okhudza ndale. Oweruza anachita kuunika mawu amodziamodzi, kumene ananenedwa ndi amene ankamva. Ntchito imeneyo inatenga zaka 13. Mkulu wa pasukulu amafuna kuithetsa Lachisanu lisanafike.

Tsopano za mwana wanu. Poti ali pa yunivesite ya boma, First Amendment imamanga manja akuluakulu a sukuluyo. Akanakhala pa yunivesite yomwe si ya boma, chitetezo chake chikanadalira malamulo a sukuluyo. Ufulu wolankhula ku America umafikira aliyense amene ali m'dzikomo, nzika ndi mlendo yemwe. Koma viza ili m'manja mwa boma la ku Washington, osati la Georgia, ndipo kumeneko zinthu zinauma mu 2025. Pa 25 March chaka chimenecho Rümeysa Öztürk, mtsikana wa ku Turkey wochita digiri ya udokotala pa yunivesite ya Tufts, anagwidwa pamsewu ku Somerville ndi apolisi osavala yunifolomu, ena ataphimba nkhope, viza yake itathetsedwa iye osadziwa. Chimene chinaoneka poyera ngati chifukwa chake ndi nkhani imene analemba ndi anzake m'nyuzipepala ya ophunzira chaka chapitacho. Anasungidwa ku Louisiana kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi woweruza asanalamule kuti atulutsidwe. Anatuluka, inde, koma masabata amenewo palibe amene anamubwezera. Kuyambira mu June 2025 ofunsira viza ya maphunziro amauzidwanso kuti atsegule masamba awo a pa intaneti kuti a ku kazembe aone zimene amalemba, choncho zimene mnyamatayu amaika pa Facebook kapena pa X zikhoza kudzawerengedwa tsiku limene adzafune viza ina.

Sindikukuuzani kuti mumuletse kulankhula, ndipo kwa mwana wotengera bambo ake sizingatheke n'komwe. Muuzeni kuti mkwiyo wake uzilunjika pa boma, nduna ndi asilikali, ndipo asamafunse mnzake wachiyuda wa m'kalasi kuti ayankhire Netanyahu, monga mmene iye sangafunire kuyankhira boma lililonse la ku Lilongwe. Asatumize zithunzi ndi nthabwala zimene sakudziwa kumene zachokera, pakuti zambiri zoyenda pa WhatsApp zonena za Ayuda ndi mabanki ndi bodza lakalekale. Za Hitler azisiye. Ngakhale lamulo limulole, palibe amene anakopekapo nazo. Ndipo adziwe kuti ambiri amene anamangidwa pa zionetsero za mu April 2024, kuphatikizapo anthu oposa 20 pa yunivesite ya Emory mu Atlanta momwemo, sanaimbidwe mlandu wa mawu. Inali milandu monga kukhala pamalo popanda chilolezo ndi kukana kubalalika apolisi atalamula. Mnzake wa ku America akaimitsidwa sukulu teremu imodzi amapita kwawo n'kudzabwerera. Iye akaimitsidwa, chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chimagwedezeka, poti chimadalira kuti akhale akuphunzira. Akadzaitanidwa ku ofesi chifukwa cha zimene wanena, apemphe kuti dandaulolo amupatse molemba ndi ndime ya lamulo la sukulu imene akuti waphwanya, asasainire pepala lililonse tsiku lomwelo, ndipo alankhule ndi loya wodziwa za anthu olowa m'dziko asanayankhe. Mabungwe a ACLU ndi FIRE amalandira madandaulo a ophunzira pa nkhani za ufulu wolankhula, ndipo ACLU ili ndi nthambi yake ku Georgia.